Anawalavulila mate mu 1916, lelo maina ao ali pa masiteshoni

Munthu wa ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, akafuna sitima yopita ku Cork amaikwelela pa Heuston. Wopita ku Belfast amapita pa Connolly. Ena ambili opita ku nchito m'tauni amatsikila pa Pearse. Maina aya amangowachula cabe, monga mmene ise timauzila kondakita kuti "nisiyeni pa Lumumba", osaganizako kuti dzinalo linali ndi mwini wake. Koma amuna atatu onsewa, Seán Heuston, James Connolly ndi Patrick Pearse, anawombeledwa ndi asilikali a boma m'mwezi wa May 1916, khoti la asilikali litawapeza ndi mlandu woukila mfumu ya Britain. Pa nthawiyo Ireland yense anali m'manja mwa Britain.

Heuston anali kalaliki pa siteshoni yomweyo imene lelo ili ndi dzina lake. Kale inali kuchedwa Kingsbridge, ulalo wa mfumu. Anafa ali ndi zaka 25.

Nkhani ya mtundu uwu si yacilendo kuno. Amene mumakwelela basi pa Intercity mumayenda mu mseu wa Dedan Kimathi, munthu amene boma la Britain lomwelo linamunyonga ku Kenya mu 1957 ati ni cigawenga ca Mau Mau. Koma ku Ireland nkhaniyi inapota kangapo, ndipo pa kupota kulikonse dzina lakuti "woukila" linali kucoka pa mutu wa wina n'kukagwela wina.

Tiyambe ndi sabata imene zinacitika. Pa Mande ya Isitala, 24 April 1916, amuna ndi akazi pafupifupi 1,200 analanda nyumba zingapo pakati pa Dublin. Likulu lao linali positi ofesi yaikulu, GPO, mu mseu wa Sackville. Pearse, amene anali mphunzitsi, anatuluka panja n'kuwelenga cikalata colengeza kuti Ireland tsopano ni dziko loima palokha. Anthu odutsa sanatengeke kwenikweni. Pofika pa Ciwelu, 29 April, zonse zinali zitatha. Britain inabweletsa asilikali masauzande, mizinga, ndi boti ya nkhondo yochedwa Helga imene inali kuwombela kucokela mu mtsinje wa Liffey. Anthu pafupifupi 485 anafa. Opitilila theka anali anthu wamba, ndipo 40 mwa iwo anali ana.

Pamene ogonja anali kuwayendetsa m'miseu kupita nao ku ndende, m'makomboni ena anthu anawakuwiza, kuwatukwana, kuwalavulila ndi kuwaponyela zonyansa. Amene anakalipa kwambili anali azimai osauka amene amuna ao anali ku nkhondo yaikulu ya ku Europe atavala yunifomu ya Britain.

Musafulumile kuwacha ogulitsa dziko azimai aja. Mu 1911 mabanja opitilila 20,000 mu Dublin anali kukhala m'cipinda cimodzi cimodzi. Kwa mzimai wa m'cipinda cotelo, kandalama kamene boma linali kupatsa akazi a asilikali sabata iliyonse ndiko kanali buledi ndi lendi, ndipo anali kukatengela ku positi ofesi. Manje anyamata a mfuti atseka tauni sabata yonse, matramu, tusitima twa m'miseu tuja, sayenda, mashopu apsa, amuna a nchito za tsiku salandila kanthu, mwana wa neba wafa ndi cipolopolo cosocela. Amene munatsekeledwapo m'komboni tsiku la cipolowe, minibasi zitaleka kulowa, mudziwa mau amene amatuluka pakamwa pa munthu wanjala.

Manyuzipepala naonso sanawacitile cifundo. Irish Independent inati zimene zacitika ni misala ndi upandu, ndipo pa 10 May inalemba kuti atsogoleli oipitsitsa amene atsala alangidwe moyenela. Masiku awili pambuyo pake Connolly anaphedwa. Mwini wa nyuzipepalayo anali William Martin Murphy, yemwenso anali mwini wa kampani ya matramu. Mu 1913 Murphy anatsogolela mabwana anzake kutsekela anchito panja kwa miyezi ingapo cifukwa colowa m'bungwe la anchito, ndipo Connolly anali mmodzi wa atsogoleli a bungwelo. Nkhani ya dziko inali ndi nkhani ya malipilo mkati mwake.

Nanga cinasintha mitima n'ciani? Kwambili inali nchito ya boma lenilenilo. Mkulu wa asilikali, General John Maxwell, anazenga milandu mseli, popanda maloya oimilila oimbidwa mlandu. Anthu pafupifupi 90 anaweluzidwa kuti aphedwe, ndipo 15 anawombeledwadi pakati pa 3 ndi 12 May, lelo atatu, mawa anai, kenaka kupumako, kenaka ena. M'masiku khumi amenewo nkhani zinayamba kutuluka m'ndende ya Kilmainham. Joseph Plunkett, wodwala TB, anamanga ukwati ndi Grace Gifford m'kachalichi ka m'ndende maola ocepa asanaphedwe. Connolly anali ndi bala lalikulu pa mwendo moti sakanatha kuimilila. Anamubweletsa pa ambulansi, n'kumukhazika pa mpando, n'kumuwombela ali cikhalile. Mitembo anaikwilila m'dzenje la laimu ku Arbour Hill popanda mabokosi, abale osaiona.

Pamwamba pa izi anagwila anthu pafupifupi 3,500 m'dziko lonse, ambili osadziwako kanthu. Ena pafupifupi 1,800 anawatsekela ku msasa wa Frongoch ku Wales, kumene anadziwana, kuphunzitsana, n'kubwelako ali gulu limodzi. Mmodzi wa iwo anali Michael Collins. Boma ndi manyuzipepala anali kucha kuukilako kuti ni kwa Sinn Féin, kacipani kamene sikanakonze nkomwe zimenezo, ndipo dzinalo linakakweza. Pa masankho a December 1918, Sinn Féin inatenga mipando 73 pa mipando 105 ya Ireland. Zaka ziwili ndi theka cabe kucokela tsiku la mate lija.

Apa nkhani ikanathela bwino ngati ya m'buku la kusukulu. Koma bwelelani kumbuyo pang'ono muone amene anayamba kubweletsa mfuti.

Mu 1912 nyumba ya malamulo ya ku London inali kukonza lamulo lopatsa Ireland kanyumba kake ka malamulo, komabe pansi pa mfumu. Apulotesitanti ambili a kumpoto, ku Ulster, anakana. Sanafune kulamulidwa ndi Dublin ya Akatolika. Mtsogoleli wao anali loya Edward Carson. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anasaina cipangano cokana lamulolo, ndipo mu 1913 anapanga gulu lao la nkhondo, Ulster Volunteer Force. Mu April 1914 anatsitsa mfuti pafupifupi 25,000 zogula ku Germany pa doko la Larne ndi madoko ena apafupi, usiku umodzi, n'kuzimwaza ndi mamotoka. Uku kunali kukonzekela kumenyana ndi lamulo la nyumba ya malamulo ya mfumu. Palibe anazengedwa mlandu. Miyezi itatu pambuyo pake, a mbali inayo anatsitsa mfuti zakale 900 pa Howth pafupi ndi Dublin. Apo asilikali anatumizidwa, ndipo pobwelela anawombela gulu la anthu amene anali kuwakuwiza pa Bachelors Walk. Atatu anafela pomwepo.

Carson, mu 1915, anapatsidwa udindo wa loya wamkulu wa boma la Britain. Atamwalila mu 1935 boma linamucitila malilo aulemu, ndipo cifanizilo cake ciimilile mpaka lelo kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ya Stormont ku Belfast.

Manje muikeni pambali pa Roger Casement. Uyu ndiye kazembe wa Britain amene mu 1904 analemba lipoti la nkhanza za m'dziko la Congo, aneba athu, pa nthawi imene linali munda wa Mfumu Leopold ya ku Belgium: anthu kukwapulidwa, kudulidwa manja, midzi kutha cifukwa ca mphila. Anacitanso cimodzimodzi ku Putumayo ku South America, ndipo mu 1911 mfumu inamupatsa ulemu wa "Sir". Zimene anaona zinamupangitsa kuyang'ana dziko lake lomwe ndi maso ena. Nkhondo itayamba anapita ku Germany kukapempha thandizo. Anagwidwa pa 21 April 1916 atangotsika m'sitima ya pansi pa madzi ku gombe la Banna, ndipo sitima ina imene inanyamula mfuti 20,000 inamizidwa osafikitsa katundu. Amene anamuzenga mlandu ku London anali F. E. Smith, amene analowa m'malo mwa Carson pa udindo uja, ndipo zaka zitatu kumbuyoko anali kuyenda naye Carson poyendela magulu a nkhondo a ku Ulster. Onse anayang'ana ku Germany kufuna mfuti. Wina anakhala pa mpando wa woimba mlandu, wina anaimilila m'bokosi. Pamene anthu ochuka anayamba kumupemphela cifundo, akuluakulu a boma anazungulitsa mwakabisila masamba a mabuku ake a tsiku ndi tsiku okamba za kugona ndi amuna anzake, kuti opemphawo acite manyazi. Ananyongedwa pa 3 August 1916 m'ndende ya Pentonville. Mafupa ake anabwezedwa ku Ireland mu 1965, ndipo siteshoni ya ku Tralee ili ndi dzina lake.

Gawo limene anthu a ku Ireland anakhala zaka zambili osafuna kulikamba ni lotsatila. Pambuyo pa nkhondo ya zaka ziwili ndi theka, pa 6 December 1921, nthumwi zao zinasaina pangano ndi Britain. Maboma 26 anapatsidwa ulamulilo wao, maboma 6 a kumpoto anatsala ndi Britain, ndipo aphungu anafunika kulumbila kukhulupilika kwa mfumu. Collins anasaina. Éamon de Valera anakana. Gulu limene linagonela limodzi m'ndende linang'ambika pakati, ndipo mu June 1922 anayamba kuwombelana okhaokha, boma latsopano likugwilitsa nchito mizinga yobweleka kwa Britain.

Mvelani mau amene boma latsopanoli linasankha. Linalamula manyuzipepala kuti otsutsa pangano asawache asilikali kapena omenyela ufulu, koma "Irregulars", kutanthauza anthu a mfuti opanda cilolezo. Mabishopu a Katolika analemba kalata mu October 1922 yowamana masakalamenti. Collins anaphedwa pa mseu kwao ku Cork mu August 1922. Boma linapha akaidi osacepela 77 m'miyezi yosakwana khumi, kuposa onse amene Britain inapha mwa ciweluzo kucokela 1916 mpaka 1921.

Erskine Childers, mwini wa boti imene inabweletsa mfuti zija pa Howth, anawombeledwa pa 24 November 1922 cifukwa anamupeza ndi kamfuti kang'ono kamene anapatsidwa ndi Collins mwiniwake. Pa 7 December phungu wina wa boma, Seán Hales, anaphedwa mu mseu. M'mawa mwake boma linatulutsa akaidi anai amene anali m'ndende kwa miyezi isanu, osakhudzidwa ndi imfayo, n'kuwapha popanda mlandu kuzengedwa. Mmodzi anali Rory O'Connor. Pakati pa nduna zimene zinavomeleza panali Kevin O'Higgins, amene caka cimodzi kumbuyoko O'Connor anali best man pa ukwati wake. Ngati pali malo amodzi m'mbili iyi pamene mau akuti "woukila" anagwila nchito yoipitsitsa, ine niona ni apa. Anacititsa kuti munthu aleke kuona nkhope imene ili pa cithunzi ca ukwati wake.

Ndipo gudumu silinaime. De Valera, amene Britain inamuweluza kuti aphedwe mu 1916 n'kumukhululukila, amenenso boma la anzake linamutsekela mu 1923, anawina masankho mu 1932. Mu 1936 analetsa gulu la IRA, mmene munali anzake akale. Pa nthawi ya nkhondo yaciwili ya dziko lonse boma lake linapha amuna asanu ndi mmodzi a gululo mwa ciweluzo. Anakhala pulezidenti kucokela 1959 mpaka 1973, ndipo amene anamulowa m'malo anali Erskine Childers wamng'ono, mwana wa uja wa kamfuti.

Maina a masiteshoni anabwela mu 1966, pokumbukila zaka 50, de Valera ali pa mpando. Masiteshoni 15 anapatsidwa maina a amuna 16 ophedwa mu 1916. La Pearse likuimila awili, Patrick ndi mng'ono wake Willie. Kunali kusankha kocenjela. Onsewa anafa pangano lija lisanakhaleko, conco palibe angadziwe mbali imene akanatenga, ndipo zipani zonse zinatha kuwagawana popanda ndeu. Caka comweco, pa 8 March, anthu ena anaphulitsa ndi bomba cipilala cacitali ca Nelson, msilikali wa pamadzi wa Britain, cimene cinali pafupi ndi GPO ndipo kale cinali pothela matramu. Asilikali a boma anabwela kudzagwetsa citsa cotsala.

Mwa 16 aja muli John MacBride, wa siteshoni ya Drogheda. Asanamenye Britain ku Dublin anaimenya ku South Africa, ali ku mbali ya Mabunu. Kwa anthu a kwao inali nkhondo ya kamtundu kakang'ono kolimbana ndi ufumu waukulu. Kwa munthu wakuda wa ku Transvaal inali ya azungu awili olimbilana nthaka yake. Ngwazi ya Drogheda ingavute kuipezela mseu ku Soweto.

Pa mndandanda wa masiteshoni palibe mzimai ngakhale mmodzi, cikhalileco akazi pafupifupi 300 anatengako mbali. Constance Markievicz anaweluzidwa kuti aphedwe koma anamusiya cifukwa ni mkazi. Mu 1918 anakhala mkazi woyamba kusankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya ku London, ngakhale anakana kukakhalamo. Elizabeth O'Farrell ndiye anayenda ndi kansalu koyela m'miseu ya zipolopolo kupeleka uthenga wogonja. Pa cithunzi cochuka ca Pearse akugonja, iye anaimilila pambali pake moti kumaoneka mapazi ndi kunsi kwa diresi cabe, ndipo m'makope ena osindikizidwa ngakhale mapaziwo anafufutidwa. Margaret Skinnider, mphunzitsi wa masamu, anawombeledwa katatu sabata ija. Atapempha penshoni ya ovulala mu 1925 anamukanila, ati mau akuti msilikali m'lamulo amatanthauza mwamuna. Anailandila mu 1938. Panapita zaka zina zambili kuti mu 2014 ulalo watsopano wa mabasi ndi matramu pa Liffey upatsidwe dzina la Rosie Hackett, wa nchito ya m'fakitale ya mabisiketi amene anali m'bungwe la Connolly.

Kumpoto funso lomweli linabwelanso ndi magazi. Kucokela 1969 mpaka pangano la mtendele la 1998, anthu opitilila 3,500 anafa. IRA yatsopano inali kuphulitsa mabomba m'mabala ndi m'mashopu, ikunena kuti ikutsiliza nchito ya 1916. Boma la ku Dublin linagwidwa njakata: litamande bwanji Pearse pa Isitala, kwinaku likutsekela anyamata amene akuti akutsatila Pearse? Linaleka pelete ya asilikali ya caka ndi caka pa GPO, imene inadzabwelela mu 2006, ndipo mau a atsogoleli a IRA ndi Sinn Féin analetsedwa pa wailesi ndi TV ya boma mpaka 1994.

Ndeu ya m'ndende ya Maze mu 1981 inali ya dzina lenilenilo. Akaidi anafuna kuonedwa ngati akaidi a ndale, kuvala zovala zao. Boma la Margaret Thatcher linati ni apandu monga wakuba aliyense. Bobby Sands anakana cakudya masiku 66 mpaka kufa, atasankhidwa kukhala phungu ali cigonele m'ndende. Ena asanu ndi anai anamutsatila kumanda. Ku Tehran boma la Iran linacotsa dzina la Winston Churchill pa mseu wa pambali pa ofesi ya kazembe wa Britain n'kuikapo la Bobby Sands. Martin McGuinness, amene anavomela yekha kuti anali mtsogoleli wa IRA ku Derry, anadzakhala wacili kwa nduna yaikulu ya Northern Ireland, ndipo mu 2012 anagwilana canza ndi Mfumukazi Elizabeth. Mabanja amene anaika abale ao cifukwa ca mabomba aja anaonelela pa TV, ndipo si onse anaomba m'manja.

Otsala panja mpaka lelo ni a yunifomu ya mfumu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Ireland anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku mbali ya Britain, kuposa kutali amene analowa mu GPO, ndipo masauzande makumi angapo sanabwelele. Amene anabwelela anapeza dziko lasintha, anaphunzila kubisa mamendulo m'sutukesi. Apolisi a nthawi ya utsamunda, a Royal Irish Constabulary, ambili anali ana a alimi Acikatolika amene anafuna cabe nchito ya penshoni. Mazana angapo anaphedwa ndi IRA pakati pa 1919 ndi 1921. Koma gulu lomwelo ndilo linalandila a Black and Tans, amuna olembedwa ku Britain amene anachuka ndi kutentha nyumba ndi kupha anthu wamba. Mu January 2020 boma linakonza mwambo wokumbukila apolisiwo ku Dublin Castle. Mameya angapo anakana kupitako, anthu anakalipa, mwambo unaimitsidwa kutatsala masiku ocepa.

Kuyesa kwina kunacitika ku manda aakulu a Glasnevin, kumene kunagona Collins, de Valera ndi Casement. Mu 2016, pokumbukila zaka 100, anamanga cipupa ca miyala yakuda n'kulembapo maina a onse amene anafa sabata ya Isitala ija: oukila, asilikali a Britain, apolisi, azimai a m'makomboni, ana 40 aja, onse pamodzi motsatila tsiku limene anafa, popanda wina kuikidwa pamwamba pa mnzake. Ena mwa adzukulu a omenyela ufulu anati n'kunyoza kuika dzina la agogo ao pafupi ndi la msilikali amene anabwela kudzawawombela. Cipupaco cinathilidwa penti. Kenaka ena anabwela usiku ndi hamala yaikulu n'kuphwanya pamene panali maina a asilikali. Mu 2022 oyang'anila manda anagamula kuti maina onse acotsedwe, pakhale miyala yakuda yopanda colembedwa.